Makapisozi othetsa njala: mmene ndiliri patatha miyezi isanu ndi itatu

Ndinayamba kuwamwa mu Febuluwale, nditaona zithunzi pa WhatsApp kwa mayi wina wa ku Limbe amene amaoda katundu ku Joni. Botolo la makapisozi 30, limodzi m'mawa uliwonse. Nthawi imeneyo ndinali ndi makilo 88, ndipo pochoka kumsika wa Bvumbwe kupita kunyumba ndinkapumira kawiri pachitunda.

Mwezi woyamba ndinakondwa ndithu. Mtanda umodzi wa nsima unkandikanika kumaliza, ndipo pofika mu Epulo makilo asanu anali atapita. Anzanga ogulitsa nawo kabichi ankangoti, “Asisi, mwatani kodi, chitenje chikukuzungulirani kawiri!”

Koma thupi linkandiuza zina. Mkamwa munkauma ngati ndatafuna nthochi yaiwisi, madzi ndimwe chotani. Kuchimbudzi ndinkatha masiku atatu osapita. Choopsa chinali usiku: ndikagona chammbali, mtima ndinkaumva ukugunda m'khutu, tulo osabwera mpaka tambala woyamba. Ndinkadzinamiza kuti ndi mafuta akusungunuka.

Mu Meyi ndinachita chizungulire ndikunyamula dengu, mlamu wanga n'kundiperekeza kuchipatala. BP inali 160/100, ine amene ngakhale ndili woyembekezera sinkakwerapo. Adokotala anafunsa, “Mayi, mukumwa mankhwala anji?” Nditatulutsa botolo m'chikwama analitembenuza mbali zonse. Panalibe dzina la kampani, panalibe mndandanda wa zosakaniza, kungoti chithunzi cha masamba obiriwira ndi mawu oti n'zachilengedwe.

Anandifotokozera za mankhwala otchedwa sibutramine. Amapha njala pogwira ntchito mu ubongo, koma amakweza BP ndi kuthamangitsa mtima. Mu 2010 anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America atapezeka kuti amawonjezera chiopsezo cha sitiroko ndi matenda a mtima, komabe amapezekabe atabisidwa m'makapisozi onenedwa kuti ndi azitsamba. Anati zizindikiro zanga zikufanana ndi zimenezo, ndisiye tsiku lomwelo. Anatchulanso tiyi wochepetsa thupi wokhala ndi chitsamba chotchedwa senna, kuti amangotsegula m'mimba, chotuluka ndi madzi ndi mchere wa m'thupi, osati mafuta. Mpaka pano zimandiwawa kuti ndinameza chinthu miyezi itatu osafunsa ngati bungwe la PMRA, loyang'anira mankhwala m'dziko muno, likuchidziwa.

Nditasiya, njala inabwera ndi ukali. Pofika mu Julayi makilo onse asanu anali atabwerera, limodzi n'kuwonjezekera. BP inatsika pang'onopang'ono, tulo tinabwerera.

Tsopano ndi Okutobala, ndili pa makilo 84. Masana ndimadya mtanda umodzi ndi nandolo kapena mkhwani wambiri, zakumwa zozizira ndinasiya, ndipo madzulo timayenda ndi mlamu m'njira ya m'mphepete mwa munda wa tiyi. Sabata yatha mwana wa mchemwali wanga, amene akuyamwitsa, anabwera kudzapempha nambala ya mayi wa ku Limbe uja. Ndinamukaniza, n'kumutsegulira buku langa la kuchipatala patsamba la mu Meyi.