Khoma la Maya Lin ku Washington: zimene mlendo amapeza akafika

Mukatsika sitima yapansi panthaka pa siteshoni ya Foggy Bottom mumzinda wa Washington, n'kuyenda chakummwera kwa mphindi 15 kapena 20, mumafika pa kapinga wa Constitution Gardens. Chikumbutso cha asilikali a ku America amene anafa kapena kusowa pa nkhondo ya ku Vietnam, chimene pulani yake anajambula ndi Maya Lin, chili pomwepo, koma wochokera kumpoto sachiona mpaka atatsala pang'ono kuchiponda. Sichinamangidwe choloza kumwamba ayi. Chinakumbiridwa pansi, ndipo kumbuyo kwake ndi nthaka yokhayokha. Kulowa n'kwaulere, tikiti palibe, ndipo malowa satsekedwa usana ndi usiku. Amene amawasamalira ndi a National Park Service, nthambi ya boma yoyang'anira mapaki ndi zikumbutso, ndipo ogwira ntchito awo amakhalapo masana mpaka madzulo kuti ayankhe mafunso.

Chimene mwabwera kudzaona ndi makoma awiri a mwala wakuda wa granite, lililonse lotalika mamita 75, okumana pa ngodya yotambasuka ya madigiri 125. Lina limaloza ku Washington Monument, linalo ku Lincoln Memorial, zikumbutso za atsogoleri akale a dzikolo. Kumapeto khomalo limangofika m'kakolo, masentimita 20 basi. Njira imatsetsereka pang'onopang'ono, khoma n'kumakwera pambali panu, kufika m'chiuno, m'mapewa, mpaka pakati pomwe lakupitirirani mutu ndi kufika mamita atatu. Phokoso la magalimoto a mumsewu wa Constitution Avenue limachepa mukamatsika. Ambiri amasiya kuyankhula asanafike pakati, popanda wowauza.

Mwalawo unachokera ku Bangalore m'dziko la India, unadulidwa ndi kupukutidwa ku Barre m'boma la Vermont, ndipo mayina anawalemba ku Memphis pouphulitsira timchenga tolimba. Anaupukuta mpaka kuwala ngati kalilole. Mukamawerenga dzina mumaona nkhope yanu kuseri kwa zilembo, pamodzi ndi mitengo, mitambo ndi anthu amene aima kumbuyo kwanu. Mwala woyera sukanachita zimenezi, ndipo popeza khomali linayang'ana kummwera, ukanangothobwa m'maso dzuwa likawomba. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa mtundu wakudawu ndi umene unautsa mapiri pachigwa.

Tsopano za mayina, chifukwa apa ndi pamene alendo ambiri amasochera. Pa tsiku lotsegulira, 13 November 1982, panali mayina 57,939, ndipo lero apitirira 58,000. Mwa iwo asanu ndi atatu ndi akazi. Palibe udindo wa usilikali wolembedwa, kotero mkulu wa asilikali ndi mnyamata amene anangolowa kumene ali ndi zilembo zofanana. Mayinawa sanasanjidwe motsata alifabeti koma motsata tsiku limene munthu anafa kapena kusowa. Ndandanda imayambira pakati, pamwamba pa chigawo 1E cha khoma lakummawa (E akuimira kummawa, W kumadzulo), ndi chaka cha 1959. Imayenda chakumanja mpaka chigawo 70E kumapeto, mu May 1968. Kenaka imalumpha n'kukayambiranso kumapeto kwenikweni kwa khoma lakumadzulo, pa 70W, n'kubwerera pakati, pomwe imathera pansi pa 1W ndi chaka cha 1975. Woyamba ndi womaliza amakumana pa ngodya imodzi.

Wosadziwa amaganiza kuti 1W ndi chiyambi cha khoma lakumadzulo, pomwe ndi mathero a nkhondo yonse. Ena amaganiza kuti pamene khoma latalika kwambiri ndi pamene anthu anafa kwambiri. Si choncho. Chaka choopsa koposa chinali 1968, pomwe anafa asilikali opitirira 16,000, ndipo chakachi chinagwera kumapeto kwa makoma onse awiri, kumene zigawo ndi zazifupi. N'chifukwa chake chaka chimodzicho chimadya mtunda wautali mbali zonse.

Kuti mupeze dzina, yambani ndi mabuku a mayina amene ali pa timatebulo totchingidwa ndi galasi polowera. Mmenemo mayina ali motsata alifabeti, ndipo lililonse lili ndi nambala ya chigawo ndi ya mzere, mwachitsanzo 14E, mzere 32. Nambala ya chigawo inalembedwa pansi pa mwala, choncho muziyang'ana kumapazi. Mizere imawerengedwa kuchokera pamwamba. Pa zigawo zazitali mizere imafika 137, ndipo kuwerenga umodziumodzi n'kudzizunza. M'mphepete muli timadontho toikidwa pa mizere khumi iliyonse, ndiye werengani timadonthoto kaye, kenaka mizere yotsalayo. Mzere umodzi umakhala ndi mayina pafupifupi asanu. Yemwe ali ndi foni akhoza kufufuziratu pa intaneti, pa tsamba la Vietnam Veterans Memorial Fund, bungwe limene linamangitsa chikumbutsochi, n'kufika ndi manambala ali m'manja. Timalangiza zimenezi pa masiku a chikhamu, chifukwa mabukuwo amakhala ndi mzere wa anthu.

Pambali pa dzina lililonse pali kachizindikiro. Kooneka ngati daimondi kakutanthauza kuti imfayo inatsimikizidwa, ndipo kamtanda kakutanthauza kuti munthuyo anasowa. Mafupa ake akapezeka, amalemba daimondi pamwamba pa kamtandako. Anakonzanso zoti wina akadzabwera wamoyo adzazunguliza kamtandako ndi kabwalo, koma kabwalo koteroko sikanalembedwepo.

Ambiri amafuna kutenga dzina kupita nalo kwawo. Mumaika pepala pamwamba pa dzinalo, kuligwira mwamphamvu ndi dzanja limodzi, n'kumakhwekhwereza pensulo mogoneka mpaka zilembo zitaonekera zoyera pakati pa mdima. Zilembozo ndi zazing'ono, kupitirira pang'ono sentimita imodzi, ndipo sizinalowe kwambiri m'mwala. Pepala likasuntha ngakhale pang'ono dzina limatuluka pawiri, ndipo mukakanikiza ndi nsonga ya pensulo limang'ambika. Anthu ongodzipereka, ovala zipewa zachikasu, amapereka mapepala ndipo amakwera makwerero kukatenga mayina amene ali pamwamba. Thandizo lawo ndilo labwino koposa pamalopa, koma sapezeka nthawi zonse, makamaka usiku ndi m'nyengo yozizira.

Zonse zimene tatamandazi, kukumbira pansi, mwala wakuda, mayina otsata masiku, ndi zomwezo zimene zinatsala pang'ono kulepheretsa ntchitoyi. Bungwe lija la Memorial Fund, limene Jan Scruggs, msilikali wakale wa nkhondoyi, anayambitsa mu 1979, linachititsa mpikisano mu 1981. Mapulani 1,421 anaperekedwa, onse opanda mayina a eni ake koma manambala okha. Oweruza asanu ndi atatu anasankha nambala 1026. Atatsegula envelopu anapeza kuti mwini wake ndi Maya Lin, wa zaka 21, wophunzira pa yunivesite ya Yale amene anali asanamalize n'komwe digiri yoyamba. Anabadwira ku Athens m'boma la Ohio mu 1959, kwa makolo ochokera ku China, onse aphunzitsi a pa Ohio University. Mphoto yake inali madola 20,000.

Chitsutso chinabwera pawiri, ndipo ndi bwino kusiyanitsa. Panali asilikali akale amene moona mtima anaona kuti dzenje lakuda lopanda mbendera ndi lopanda chiboliboli likunyoza anzawo, mumzinda womwe zikumbutso zake zotchuka ndi zoyera ndi zazitali. Mmodzi wa iwo, Tom Carhart, analitcha chilonda chakuda cha manyazi. Ross Perot, mpondamatiki wa ku Texas amene anathandiza ndi ndalama zoyendetsera mpikisano, anatembenuka n'kulitsutsa. Nduna yoyang'anira malo a boma, James Watt, inakaniza chilolezo chomangira. Koma pansi pa zonsezi panali china chonyansa: anthu ankafunsa kuti mtsikana wa nkhope ya ku Asia angakonze bwanji chikumbutso cha nkhondo imene inamenyedwa ku Asia, ngati kuti wobadwira ku Ohio ndi mdani. Lin ananyozedwa ndi mawu a tsankho. Mwini wake anadzanena kuti mpikisanowo ukanakhala woonetsa mayina sakanapambana, ndipo n'zovuta kumutsutsa. Za mtundu wakuda, amene anatseka pakamwa otsutsa anali George Price, mkulu wa asilikali wachikuda, amene ananena pamsonkhano kuti watopa kumva anthu akutcha mtundu wakuda mtundu wa manyazi.

Pa nkhani ya kasanjidwe ka mayina Lin sanagonje, ndipo anachita bwino. Pa ndandandayo pali a Smith opitirira 600. Kuwaika motsata alifabeti kukanasandutsa khomalo buku la manambala a foni, mayi n'kumalephera kudziwa kuti mwana wake ndi uti pakati pa mayina ofanana. Motsata masiku, msilikali amene anapulumuka akapeza dzina la mnzake mmodzi amapezanso pafupi pomwepo ena amene anafa tsiku lomwelo.

Pomwe anagonjetsedwa ndi pa zowonjezera. Kuti chilolezo chituluke, anagwirizana zoika mbendera ndi chiboliboli cha asilikali atatu chosulidwa ndi Frederick Hart, chimene chinatsegulidwa mu 1984. Otsutsa ankafuna ziikidwe pa ngodya penipeni. Mwamwayi zinakaikidwa pambali, m'timitengo ta polowera chakumadzulo, kumene asilikali atatuwo amaoneka ngati akuyang'ana khoma chapatali. Chibolibolicho chinasulidwa mwaluso, mfuti, zipolopolo ndi nsapato zonse zili m'malo mwake, koma anthu amachijambula n'kupitirira. Pa khoma m'pamene amaima nthawi yaitali. Chikumbutso cha akazi amene anatumikira pa nkhondoyi, chosulidwa ndi Glenna Goodacre, chinabwera mu 1993, ndipo chimasonyeza akazi atatu, mmodzi atanyamula msilikali wovulala pamiyendo. Chili pakati pa mitengo chakummwera, ndipo wosauzidwa amachiphonya mosavuta.

Zolakwika zilipo. Poyamba kutsogolo kwa khoma kunali kapinga ndi kanjira kochepa, ndipo chikhamu cha miyezi yoyamba chinasandutsa malowo matope, mpaka anakulitsa njira ndi miyala yoyala. Ngakhale lero njirayo ndi yopapatiza. Gulu limodzi la ana asukulu likaima pakati, onse akumbuyo amaima. Mithunzi palibe, mipando pafupi ndi khoma palibe, ndipo masana a July mwala wakudawo umatentha zedi. Njinga za anthu a ulumali zimadutsa bwino chifukwa palibe masitepe, koma kukwera kuchokera pakati kumafuna mphamvu. Mu 1984 ming'alu ing'onoing'ono inaoneka pa zigawo zina, ndipo akatswiri akhala akuiyang'anira. Mayina ena analembedwa molakwika, ndipo ena ochepa ndi a anthu amene anali moyo, chifukwa cha zolakwika za m'kaundula wa asilikali. Mayina owonjezeredwa pambuyo pake amaikidwa pamene papezeka mpata pafupi ndi tsiku lawo, kotero si onse amene ali pamalo pake penipeni.

Mukasiya kanthu pansi pa khoma, kalata, mendulo, chithunzi kapena nsapato, dziwani kuti simudzakapezanso mawa. Ogwira ntchito amatola zinthuzi, ndipo zosawonongeka zambiri zimakasungidwa ku nyumba yosungiramo zinthu ku Maryland, kumene zachuluka kufika mazana a masauzande. Maluwa ndi zakudya sizisungidwa.

Nthawi yabwino yofika ndi mmamawa, mabasi a alendo asanayambe kutsitsa anthu, kapena kukada, pamene nyale za pansi zimaunikira mayina kuchokera kumapazi. Pa masiku okumbukira asilikali, Memorial Day kumapeto kwa May ndi Veterans Day pa 11 November, pamakhala miyambo ndi anthu ochuluka, choncho wofuna bata apewe masikuwo. Wongodutsa amatha mphindi 20, koma wofuna dzina apatule ola lathunthu. Loŵerani kumapeto ena, mutsike mpaka pakati, mutulukire kwina, ndipo musayambire pa chiboliboli.