Garmin eTrex 32x pa Phiri la Mulanje: maganizo a gaidi wa ku Likhubula

Anzanga operekeza alendo kuphiri mumandifunsa za kachipangizo kamene ndimakoleka pachikwama. Ndi Garmin eTrex 32x, kolozera pamene uli ndi njira yodzera, ndipo amene angakwanitse akagule ndithu. Kamayendera mabatire awiri a AA, omwe mumawapeza ngakhale pa Chitakale, ndipo kamagwira masetilaiti a GPS a ku America pamodzi ndi a GLONASS a ku Russia. Chiperoni chikakuta njira yochokera ku Chisepo kukwera Sapitwa, moti mnzako ali pafupi pomwepa koma sukumuona, kamzere ka pasikirini kamakubweza momwe unadzera. Sikirini yake ndi ya mainchesi 2.2 basi, koma imawerengeka ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Chimene ndinakakondera kwenikweni ndi china: kamathandizabe ngakhale siginolo ya masetilaiti ikasokonekera. Masetilaiti a GPS ali kutali makilomita opitirira 20,000, ndiye siginolo imafika pansi pano itafooka kwambiri, yosavuta kuiphimba. Ku Ukraine asilikali a Russia amaulutsa phokoso pamafunde omwewo, mpaka zipolopolo za Excalibur ndi mabomba a JDAM, zodalira GPS, zinayamba kuphonya. Nthawi zina amatumiza siginolo yabodza, chida n'kumayesa kuti chili pamalo ena. Mu 2024 kampani ya ndege ya Finnair inaimitsa kaye ndege zopita ku Tartu, ku Estonia, chifukwa cha kusokoneza GPS komweku. Opanga zida akulimbana nazo poika ma antena okana siginolo yochokera kumbali ya wosokonezayo, ndi timakina towerengera tokha liwiro ndi kukhota kwa chida popanda setilaiti. Mizinga ya Tomahawk imayerekeza mapiri ndi zigwa zimene ikudutsa ndi mapu amene anaisungira m'kati.

Kuno palibe wotisokoneza, koma matanthwe amatichita zomwezo. Mukatsikira kuchigwa cha Ruo kapena mukaima kutsinde kwa khoma la Chambe, thambo limatsala pang'ono, kadontho ka pasikirini kosonyeza pamene muli n'kumangodumphadumpha. Apa ndi pamene 32x kamaposa 22x, kanzake kotsikirako mtengo: kali ndi kampasi yamaginito ndi choyezera kukwera chodalira mpweya, ndipo ziwirizi sizidikira setilaiti. Choyezeracho muzichikonza pamalo odziwika kutalika kwake, monga pansonga ya Sapitwa pa mamita 3,002, chifukwa nyengo ikasintha chimayamba kunama.

Mabatire otchipa apamsika amatha msanga kukazizira, makamaka mu June ndi July. Gulani a alkaline, ena apadera muwakulunge m'kajumbo kuti asanyowe.