Pocahontas II kapena Mulan II: ana muwaonetse iti?

Makolo ndi aphunzitsi a ku Chinamwali, Matawale ndi Chikanda amene mumasungira ana makatuni pa fulashi, mwina awiriwa muli nawo: Pocahontas II ya mu 1998 ndi Mulan II ya mu 2004. Onse ndi a Disney, onse ndi gawo lachiwiri, ndipo anawakonzera vidiyo ya kunyumba. Zolakwika zilimo konsekonse, koma kulemera kwake n'kosiyana.

Choyamba kumveka ndi mawu. Mu Pocahontas yoyamba ya mu 1995, John Smith ankalankhulidwa ndi Mel Gibson, pomwe mu yachiwiri ndi mng'ono wake Donal Gibson. Ku Mulan nako, Eddie Murphy sanabwerere pa Mushu, kachinjoka kothandiza Mulan, analowa m'malo mwake ndi Mark Moseley. Ngati muli ndi zija zomasuliridwa m'Chichewa za m'mavidiyo sho, izi simuzimva n'komwe, mawu a womasulira amaphimba zonse.

Pa kalukidwe ka nkhani, yophotchoka kwambiri ndi Mulan II. Mfumu ikuti a Mongol ali pafupi kuukira China, ndiye ana ake aakazi atatu akakwatiwe ku ufumu wa Qui Gong pasanathe masiku atatu kuti pakhale mgwirizano. Filimu ikutha atsikanawo atasankha asilikali amene ankawaperekeza, za a Mongol zija osazitchulanso. Nkhondoyo inathera kuti? Mwana wa Sitandade 6 watcheru adzakufunsani. Pocahontas II ili ndi chake: Ratcliffe, bwanamkubwa wankhanza wa Angerezi amene anzake anam'manga kumapeto kwa gawo loyamba, tikum'peza ku London ali pakhutu pa Mfumu James. Komabe apa anayesako kusoka, akuti anainamiza mfumuyo.

Tikafika pa mbiri yakale zinthu zimatembenuka. Mulan ndi nthano, yochokera mu ndakatulo yokamba za nthawi ya ufumu wa Northern Wei, umene unayamba mu 386. Ufumu wa a Mongol anaukhazikitsa Genghis Khan mu 1206, patadutsa zaka mazanamazana, ndipo Qui Gong ndi dziko longopeka. N'zolakwika ndithu, koma palibe munthu weniweni amene akunamiziridwa.

Pocahontas anali munthu weniweni, mwana wa mfumu ya eni dziko a ku Virginia, ku America, ndipo madeti ake analembedwa. Angerezi anamugwira mu 1613, anabatizidwa n'kupatsidwa dzina loti Rebecca, anakwatiwa ndi John Rolfe mu Epulo 1614, n'kubereka Thomas mu 1615. Pofika ku England mu Juni 1616 anali mayi wapabanja, mwana ali kumanja. Filimu ikumuonetsa ngati mbeta yotumidwa kukakamba za mtendere, ikungoyamba kudziwana ndi Rolfe, za kugwidwa kuja ndi za mwana palibe. Ratcliffe weniweni sakanakumana naye ku London, anali ataphedwa kale ku Virginia mu 1609. Shakespeare, amene akuonekera pang'ono m'nyimbo ya mumsewu, anamwalira mu Epulo 1616, sitima isanafike. Chachikulu ndi mathero: filimu ikutha awiriwo ali pa sitima, akumwetulira, ulendo wa kwawo. Zoona zake n'zoti anadwala ulendo utangoyamba, anamwalira ku Gravesend, ku England komweko, mu Malichi 1617 ali ndi zaka pafupifupi 21, ndipo anaikidwa konko. Zina anazilondola, tisawalande: Uttamatomakkin, bambo wa mtundu wake womuperekeza, anapitadi naye, ndipo masewera ozunza chimbalangondo ankachitikadi ku London nthawi imeneyo.

Ndiye ngati ndi Loweruka masana, ana angofuna kuseka, ikani Mulan II. Mwana sachokapo ndi bodza lokhudza munthu amene anakhalapo. Koma ngati ndi kalabu ya mbiri kusukulu, Pocahontas II ndiyo ili ndi ntchito, chifukwa cholakwika chilichonse chili ndi chaka chotsutsira. Lembani pa bolodi 1609, 1613, 1614, 1616 ndi 1617 filimu isanayambe, ana azikweza dzanja akaona pamene yasemphana. Kuionetsa popanda zaka zimenezi ndiye kuwaphunzitsa zabodza.

Pofuna kugwira tizolakwika ta m'zojambula, monga mkanda kapena chovala chosintha pakati pa zithunzi, foni siyithandiza, sikirini imachepa ndipo chala chimadumphitsa masekondi angapo. Tsegulani pa laputopu ndi pulogalamu yoonera mavidiyo ya VLC, imitsani filimu, muzidina E kuti iziyenda chithunzi chimodzichimodzi, ndipo Shift ndi S pamodzi zimasunga chithunzicho. Sekondi imodzi imakhala ndi zithunzi pafupifupi 24, choncho musayese filimu yonse, sankhani pamene kamera yachoka pa munthu n'kubwereranso. Fayilo imene yadutsa pa WhatsApp ipeweni, imafinyidwa mpaka mizere imasokonekera, mungaloze cholakwika chimene ojambula sanachite.