Kuitanitsa machip a Juno-106 uli ku Lusaka: positi, ndege kapena basi?

Abale anga amene tikukhala kuno ku Lusaka, makamaka inu oimba limba m'makwaya ndi m'mabandi, pali katundu wina wochepa ngati chala koma wovuta kumufikitsa ali bwinobwino. Kwaya yathu ku Chilenje ili ndi Roland Juno-106, kiyibodi ya 1984 imene mkulu wina anabwera nayo kuchokera ku Joni. Zipangizo zoikonzera zandifika pa positi, pa ndege ndi pa basi, ndiye ndikuuzeni mmene ndaonera.

Musanatulutse ndalama, dziwani kaye chimene chafa. Juno-106 ili ndi mawu 6, kutanthauza kuti imaliza manoti 6 nthawi imodzi, ndipo liwu lililonse lili ndi chip yakeyake yotchedwa 80017A, imene imasefa kamvekedwe ndi kutsegula kapena kutseka liwulo. A Roland anaikuta ndi utomoni wakuda wolimba, ndipo utomoniwo ukakalamba ndi umene umasokoneza magetsi m'kati. Mukamaimba mumangomva noti ina yasowa, ina ikuthetheka, ina ikulirabe chala mutachotsa kale. Kawirikawiri imayamba bwino, vuto n'kudzaonekera ikatentha, choncho iyatseni ikhale kanthawi musanaiyese. Kenako izimitseni, gwirani batani la Key Transpose n'kuiyatsanso musanalisiye, ndipo dinani Poly 1 ndi Poly 2 pamodzi. Mukamagunda kiyi imodzi mobwerezabwereza, kagalasi kaziwonetsa nambala ya liwu limene likulira, kuyambira 1 mpaka 6, ndipo lodwalalo lidziulula lokha. Koma akafa mawu awiri oyandikana, monga 3 ndi 4, musafulumire kunamizira 80017A. Pali machip ena atatu, MC5534A, ndipo iliyonse imadyetsa mawu awiri.

Ena amazula chip yodwalayo n'kuiviika mu acetone masiku angapo mpaka utomoni utafewa, n'kuusenda. Nthawi zina imachira, nthawi zina ayi. Acetone ameneyo mugule konkuno m'masitolo a penti, chifukwa amayaka msanga ndipo a ndege sangakunyamulireni. Ine ndimakonda machip atsopano opangidwa motengera akalewo, monga a Analogue Renaissance a ku Belgium, ndipo langizo langa lalikulu ndi ili: gulani onse 6 kamodzi. Mtengo wotumizira chip imodzi ndi womwewo wa machip 6, ndipo otsalawo ndi a msinkhu umodzi ndi yakufayo.

Positi ndiyo yotchipa, ndipo kwa kaenvelopu kotere imakwana ngati simuli pachangu. Muuze wogulitsa atumize m'njira yosainira, yokhala ndi nambala yolondolera, ndipo alembe nambala yanu ya foni ya kuno pamwamba penipeni. Ngati kwaya ikukonzekera Khirisimasi, musaitanitse mu Novembala.

Makampani otumiza pa ndege ndi amene ndimawadalira pa machip. Katundu mumamuona pa foni kuchokera pamene wanyamuka mpaka atatera pa Kenneth Kaunda International Airport, ndipo amafika osaphwanyika. Chimene ambiri sitiwerengera ndi cha pakhomo. A ZRA, bungwe lotolera misonkho kuno ku Zambia, amafuna zawo: VAT kuno ndi 16 peresenti, ndipo amawerengera pa mtengo wa katundu pamodzi ndi wotumizira, osati wa katundu yekha. Khalani ndi TPIN, nambala yanu yolipirira msonkho, ndi lisiti la wogulitsa pafupi. Kampani imene ndinagwiritsa ntchito inaonjezapo ndalama yakeyake yoombolera katundu ku kasitomu, ndipo inadzandiuza phukusi litafika kale. Zimenezo zinandinyansa, si kuti inali yambiri, koma bwanji osanena poyamba? Funsani za ndalama imeneyi musanalipire. Komanso musamupemphe wogulitsa kuti alembe mtengo wabodza. Phukusi likatayika adzakubwezerani wabodza womwewo.

Tsono basi. Tonse tili ndi achimwene kapena alamu ku Johannesburg amene angagule chinthu n'kupatsira dalaivala, ife n'kukachingamira ku Intercity, pa Dedan Kimathi Road. Pa zolimba monga chowotcherera mawaya, kapampu koyamwira mtovu ndi zingwe, njira imeneyi ilibe mnzake. Pa machip, samalani. MC5534A imene alamu anga anandipezera inaikidwa mu envelopu wamba, kondakitala n'kuiponya kunsi pamodzi ndi zikwama ndi mabulangete. Pofika timiyendo take tinali titapindikira mbali imodzi, kamodzi katatsala pang'ono kuthyoka, ndipo ndinachita kutiwongola ndi kapani ka zikhadabo, mtima uli m'mwamba. Chip ilowe kaye m'kathumba kake kotuwa koteteza ku magetsi, kenako m'kabokosi kolimba, ngakhale ka sopo, ndipo dalaivala akasunge kutsogolo. Wotumiza ajambule nambala ya basi ndi kutenga foni ya dalaivalayo, chifukwa nthawi yofikira imatengera mzere wa pa Chirundu kapena pa Kazungula.

Kukweza kiyibodi yonse basi ya ku Chipata kuti mmisiri wa kumudzi akaione ku Lilongwe, ayi ndithu. Pamwamba pa Juno pali tizitsulo tambiri totsetsereka tosachedwa kuthyoka, ndipo Great East Road ndi yaitali. Ngati palibe kuchitira mwina, muperekeze nokha, ikhale pamiyendo.

Za ndalama sindichulutsa. Kaya ndi Mukuru, Western Union kapena za pafoni, musamangoyang'ana ndalama yotumizira. Funsani kuti wolandirayo agwira marandi angati m'manja, chifukwa phindu lawo lina limabisala pa mtengo wosinthira. Ogulitsa a ku Ulaya amafuna khadi la kubanki, ndiye pitani kaye kubanki akakutsegulireni zogula pa intaneti.

Machip akafika ntchito sinathe. Bolodi la Juno ndi lakale, ndipo mukachedwetsa moto pamalo amodzi tinjira ta kopa timamatuka. Akalowa onse, liwu lililonse limafunika kulichuna ndi tizowongolera ta pabolodipo motsatira buku la amisiri la Roland, apo ayi noti iliyonse izimveka mwa yokha. Pezani mmisiri wokonza ma amplifier amene ali ndi oscilloscope, chipangizo choonetsa mafunde a magetsi pa kagalasi, ndipo mugwirizane mtengo wa kuchunako musanamusiyire kiyibodi.