Nseru m'kandege: piritsi, jinja, chibangili kapena kungonyamuka m'mamawa?

Anthu ambiri amene amapita ku Johannesburg kapena ku Addis Ababa pandege zikuluzikulu osamva kalikonse m'mimba amadabwa tsiku loyamba kukwera kandege ka anthu anayi kapena asanu ndi mmodzi. Pasanathe theka la ola malovu adzaza m'kamwa, kuyasamula kosalekeza, thukuta lozizira pamphumi, kenaka maso ayamba kusakasaka kathumba kosanziramo. Si mantha ayi. Ndege yaikulu imauluka pamtunda wa makilomita 10 kapena 11, kumwamba komwe mpweya nthawi zambiri umakhala wodekha. Tindege monga Cessna 172, Cessna 206 ngakhalenso Caravan, timene timanyamula anthu kupita ku Likoma, ku Chelinda pa Nyika kapena ku Mfuwe m'chigwa cha Luangwa, timadutsa m'munsi, kawirikawiri pakati pa mamita 1,500 ndi 3,000. M'menemo ndi momwe mpweya wotentha wochoka panthaka umakwera n'kumakankha mapiko, ndipo poti kandege n'kopepuka, kamamvera kankho lililonse.

Gwero la nseruyo ndi kusamvana kwa maso ndi makutu. Mkati mwa khutu muli tiziwalo timene timamva kupendekeka, kukwera ndi kutsika kwa thupi. Tiziwaloti tikamauza ubongo kuti "tikugwa", pomwe maso akuona mpando wakutsogolo uli phee, ubongo umasokonezeka, ndipo chotsatira chake ndi chizungulire ndi kusanza. Amene anakhalapo mpando wakumbuyo kwa minibasi potsika zikhotakhota za Khwekhwelere kupita ku Golomoti, maso ali pafoni, akudziwa kale zimene ndikunena. Njira zambiri zimene anthu amalimbikitsana zimachita chimodzi mwa ziwiri: kugonetsa mbali ya ubongo imene ikulandira mauthenga otsutsanawo, kapena kuchepetsa kutsutsanako.

Tiyambe ndi mapiritsi, poti ndi amene ali ndi mphamvu zenizeni. Ambiri mwa iwo ndi a gulu la mankhwala akale a chimfine ndi ziwengo, aja ogonetsa: cinnarizine, yemwe m'mafamase amadziwika ndi dzina loti Stugeron, promethazine (kaya Phenergan kapena Avomine), dimenhydrinate wa Dramamine, ndi meclizine. Onsewa amagwira ntchito, koma amasiyana pa tulo timene amabweretsa ndi nthawi yomwera. Stugeron, munthu wamkulu amamwa mapiritsi awiri a 15 mg maola awiri ulendo usanayambe, ndipo ambiri amangomva kaulesi pang'ono. Promethazine ndi wamphamvu kuposa pamenepo, koma tulo take si tamasewera. Ulendo wa ku Likoma kuchokera ku Lilongwe ndi wa pafupifupi ola limodzi, pomwe piritsi limodzi la 25 mg likhoza kukufooketsani mpaka madzulo. Ngati mukukatera n'kulowa mumsonkhano, kapena kukagwira chiwongolero cha galimoto pabwalo la ndege, promethazine musiyeni. Mwana wosakwana zaka ziwiri sapatsidwa mankhwala amenewa n'komwe.

Palinso hyoscine hydrobromide, amene ena amamutcha scopolamine. Ameneyu amabwera m'njira ziwiri. Piritsi lake, Kwells, ndi lachangu: mumamwa patatsala mphindi 20 kapena 30, ndipo mphamvu yake imatha pakapita maola ochepa, zomwe zikugwirizana bwino ndi maulendo afupiafupi a tindege. Njira inayo ndi kachigamba komata kuseri kwa khutu, Scopoderm kapena Transderm Scop, kamene kamatulutsa mankhwala pang'onopang'ono kwa maola 72. Kachigambaka kamafuna kumatidwa patatsala maola osachepera anayi, ndiye wonyamuka m'mawa amamata usiku pogona. Kwa munthu wa ulendo umodzi wa ola limodzi, ine ndimakaona ngati kopyola muyezo. Kamathandiza amene akudumphadumpha, lero Mfuwe, mawa Likoma, mkuja Nyika, kapena amene akatsika ndege akukakweranso boti. Kuipa kwake ndi kuuma kukhosi ndi kusaona bwino zapafupi. Mukamata, sambani m'manja, chifukwa mukatikita diso ndi chala cha mankhwalawo mboni imakula, diso n'kumaona chimbuuzi. Amene ali ndi nthenda ya maso ya glaucoma, abambo ovutika pokodza chifukwa cha prostate, okalamba ndi amayi oyembekezera, ayambe afunsa dokotala kapena wa kufamase.

Apa ndiimepo pang'ono, chifukwa pali mankhwala amene anthu amawagula molakwika. Buscopan nayenso ndi hyoscine, koma wamtundu wina, butylbromide, wopangidwira kupotokola kwa m'mimba. Salowa bwino mu ubongo, ndiye pa nseru ya m'ndege alibe ntchito. Cetirizine ndi loratadine, aja a ziwengo osagonetsa, nawonso sathandiza, ndipo chifukwa chake ndi chomwecho chimene chimawapangitsa kusagonetsa: safika kumene vuto lili. Ondansetron amaletsa kusanza kwa odwala m'chipatala, koma nseru yapaulendo saiteteza. Ndipo piritsi lililonse, ngakhale labwino chotani, mukamwa nseru itayamba kale mwachedwa, poti mimba imakhala itasiya kukankhira chakudya patsogolo, piritsi limangokhala momwemo kudikira kubwerera kumtunda.

Jinja ali ndi omuikira kumbuyo ambiri, ndipo si nkhambakamwa chabe. M'chaka cha 1988 ku Denmark anayesa gramu imodzi ya ufa wa jinja pa achinyamata ophunzira za pamadzi amene anali pasitima panyanja yaikulu, ndipo amene anamwa jinja anasanza mocheperapo kusiyana ndi anzawo. Koma kafukufuku wina wochitikira pamipando yozungulira sanapeze kusiyana kwenikweni. Mwachidule, jinja amakhazika mimba pansi, koma chizungulire cha m'mutu sachikhudza kwenikweni. Ubwino wake ndi woti sagonetsa, ndi wotchipa, ndipo amapezeka pamsika uliwonse. Tiyi wa jinja wowawa bwino musananyamuke, kapena kachidutswa kotafuna m'njira, zimathandiza munthu wa nseru yapang'ono. Chakumwa cha m'botolo chokoma jinja musachidalire, mpweya wake umangotupitsa mimba mukakwera m'mwamba. Amene akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, asachulutse jinja.

Zibangili ndizitchula mothamanga. Sea-Band ndi kansalu kotanuka kokhala ndi kabatani kamene kamadinikiza mkati mwa mkono, zala zitatu kuchoka pamfundo ya dzanja, malo amene asing'anga a ku China amawatcha Neiguan. ReliefBand imagunda malo omwewo ndi kamagetsi pang'ono, ndipo ndi yodula. Pamene ofufuza anaziyerekeza ndi zibangili zabodza pa nseru yapaulendo, kusiyana sikunaoneke bwinobwino. Sizipweteka munthu, ndipo wina akavala mtima n'kukhala m'malo, zamuthandiza ndithu, poti nkhawa imakulitsa nseru. Koma ine ndalama zanga sindingaike pamenepo.

Chodabwitsa n'chakuti njira zimene zimapambana kawirikawiri ndi zija zaulere, ndipo yoyamba ndi nthawi yonyamukira. M'mamawa nthaka isanatenthe, mpweya umakhala wodekha. Kuyambira cha m'ma 11 koloko mpaka dzuwa litapendeka, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene chigwa cha Luangwa ndi cha Shire zimafika madigiri 40, kandege kamakhutchumuka kwambiri. Ulendo womwewo, ndege yomweyo, woyendetsa yemweyo, koma wa 7 koloko m'mawa ndi wa 2 koloko masana ndi maulendo awiri osiyana. Ngati ndege mwachita hayala nokha, kapena ndi ya mnzanu, nthawi mumasankha ndinu. Mukaona timitambo toyera tokhala ngati thonje, tophwatalala kunsi kwake, dziwani kuti pansi pa mitamboyo ndi pamabampu, pamwamba pake ndi posalala, ndipo woyendetsa akhoza kukwerako mukamupempha ngati malamulo ndi nyengo zikulola. Pamwamba pa nyanja masana pamakhalanso pabwinoko kusiyana ndi pamtunda, poti madzi satentha msanga ngati nthaka.

Chachiwiri ndi mpando. Ndege imapendekeka mozungulira pakati pake, pafupi ndi mapiko, ndiye mpando wapamapiko kapena wakutsogolo umagwedezeka pang'ono kusiyana ndi wakumchira. Mu Caravan, mzere womaliza ndi umene umavinitsa kwambiri. M'tindege tambiri ta woyendetsa mmodzi, mpando wakumanja kwake umaloledwa kukhala wokwera, ndipo umenewo ndiwo wabwino koposa, chifukwa mumaona kutsogolo. Kumbukirani kuti woyendetsa amagawa mipando molingana ndi kulemera kwa anthu, ndiye muuzeni musanakwere, osati injini italira kale.

Chachitatu ndi maso ndi mutu. Yang'anani kutali, m'chizimezime momwe thambo lakumana ndi dziko, mutu mutautsamiritsa kumpando osautembenuzatembenuza. Foni, buku, ndi kamera ndiwo adani. Alendo ambiri amadwala pomwe aona njovu pansi n'kuyamba kuzisaka pagalasi la kamera ndege ikukhota. Tsegulani kapaipi ka mpweya kakuwombeni kumaso, pumani mozama ndi pang'onopang'ono. Ngati kunja sikukuoneka kanthu, tsinzinani. Pankhani ya chakudya, mimba yopanda kanthu ndi yoipa chimodzimodzi ndi yodzaza tchipisi ndi nyama yamafuta: phala kapena buledi pang'ono ndi madzi zakwana, ndipo mowa wa dzulo usiku umadzalipiritsa m'mwamba.

Zonse za mapiritsizi ndi za wokwera. Wophunzira kuyendetsa ndege ali ndi nkhani ina. Bungwe la FAA, loyang'anira za ndege ku America, sililola woyendetsa kuuluka atamwa dimenhydrinate, meclizine, promethazine kapena scopolamine, ndipo mabungwe a maiko ena amakana chimodzimodzi, chifukwa mankhwalawa amachedwetsa maganizo ngakhale munthu asakumva tulo. Chimene chimatsala ndi kuzolowera, ndipo mwamwayi ndiyo njira yokhalitsa kuposa zonse. Maulendo afupiafupi, pafupipafupi, m'mamawa, kutera nseru ikangoyamba osadikira kusanza, mawa lake n'kubwereranso: ubongo umaphunzira, ndipo ambiri zimawathera pakapita maulendo angapo. Asilikali a ndege a ku Britain, a RAF, akhala akuchiza ophunzira awo mwa njira yomweyi, kuwazungulitsa pampando wapadera pang'onopang'ono mpaka thupi litazolowera. Kugwira nokha chiwongolero kumathandizanso kwambiri, chifukwa ubongo umadziwiratu kumene ndege ikhotere. Vuto n'lakuti kuzolowera kumatha mukakhala miyezi osauluka, ndipo n'chifukwa chake wokwera kamodzi pachaka sangadalire njira imeneyi.

Ndiye nditafunsidwa, ndinganene chonchi. Wa nseru yapang'ono: ulendo wam'mawa, mpando wakutsogolo, jinja, basi. Amene amasanza ngakhale m'basi: zomwezo, kuwonjezapo Stugeron kapena Kwells, ndipo ayambe wayesa piritsilo tsiku lina ali kunyumba kuti aone mmene limamugonetsera. Kachigamba n'ka maulendo a masiku angapo. Ana a zaka zapakati pa 2 ndi 12 ndi amene amavutika kwambiri, pamodzi ndi amayi oyembekezera ndi odwala mutu waching'alang'ala, ndipo kwa amenewa muyezo wa mankhwala auone wachipatala.

Pali nseru imodzi yokha imene simuyenera kuipirira mwakachetechete. M'tindege tambiri ta injini imodzi, mpweya wotenthetsera mkati umadutsa mozungulira paipi ya utsi. Paipiyo ikang'aluka, carbon monoxide, mpweya wapoizoni wopanda fungo, umalowa momwe muli anthu, ndipo zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kuodzera. Pangozi ya mu Januwale 2019 imene inapha wosewera mpira Emiliano Sala, pamene kandege ka Piper Malibu kanagwera m'nyanja ya pakati pa France ndi England, ofufuza anapeza mpweya umenewu wochuluka kwambiri m'magazi ake. Ngati ndege ikuyenda mosalala koma mutu ukukupwetekani, chotenthetsera chili choyatsa, makamaka ngati winanso akudandaula zomwezo, uzani woyendetsa nthawi yomweyo kuti azimitse chotenthetseracho, atsegule mpweya wakunja ndi kuyang'ana bwalo lapafupi loterapo.