Spin-Clean, kabeseni kachikasu kotsukira mbale za nyimbo

Kale ndinkati mbale ya nyimbo ya galamafoni yongoitulutsa kumene m'pulasitiki siifunika kutsuka. Chimene chinandisintha maganizo ndi chimbale china cha rock chodindidwanso, chomwe ndinachidikira miyezi. Nditangotsitsa singano, thethethe, ngati nkhuni zikuthetheka pamoto. Nditaipendeka mbaleyo pa kuwala ndinaona tizidutswa ta pepala tochokera m'kathumba kake kamkati titadzaza m'timizere momwe singano imadutsa. Mbale imapangidwa ndi pulasitiki yotchedwa PVC, ndipo PVC imagwira static, mphamvu imene imakoka fumbi. Bulashi youma inangokankhira fumbilo mbali ina.

M'pamene ndinagula Spin-Clean. Ndi chipangizo cha ku Pittsburgh, ku America, ndipo chakhalapo kuyambira 1975. Musayembekezere zodabwitsa mukatsegula katoni. Ndi kabeseni kopapatiza kachikasu, mabulashi awiri ofewa oyang'anizana pakati, timagudumu tiwiri, kabotolo ka mankhwala, ndi nsalu zopukutira. Kalibe mota, sikafuna magetsi. Timagudumu timasunthika malinga ndi kukula kwa mbale, kaya ndi yaikulu ya LP, yaing'ono ya 45 kapena yakalekale ya 78.

Mumathira madzi a distilled, otchezedwa opanda mchere uliwonse, mpaka pa mzere wa m'kabeseni, n'kutsanulira mankhwala pamwamba pa mabulashi. Kenako mumaimika mbale pakati pake, n'kuizunguliza ndi manja katatu kumanja, katatu kumanzere. Mbali zonse ziwiri zimatsukika nthawi imodzi. Mantha anga anali pa kapepala ka pakati kolembedwa maina a nyimbo, koma madzi amalekera m'munsi mwake. Mungosamala potulutsa kuti madontho asayenderere.

Chimene ndimakakondera kwambiri n'chakuti mankhwala ake amamanga litsiro n'kulimiza pansi, kuti lisabwererenso pa mbale yotsatira. Mtundu wachikasu uja umakuonetsani litsirolo. Tsiku loyamba ndinatsuka mbale khumi ndi zisanu, zambiri mwa izo zimene ndinkaziona ngati zoyera. Nditakhuthula madzi, pansi panali potuwa. Ndinakhala phee kwa kanthawi, ndikuganiza kuti singano yanga yakhala ikulima m'zimenezi zaka zonsezi.

Poyesa ndinasankha Wish You Were Here ya gulu loimba la Pink Floyd, ya 1975, imene inadindidwanso mu 2016 pa mbale ya magalamu 180. Ndinali nditaiimba kambirimbiri, osaitsukapo. Chimbale chimenechi chimayamba chapansipansi, mawu a kiyibodi akutuluka pang'onopang'ono m'bata, gitala ya David Gilmour isanalowe. Malo otere sabisa fumbi. Nditaitsuka, bata lija linabwerera, ndipo ndinamva pamene nyimbo imayambira penipeni. Ndinabweza singano katatu usiku umenewo. Pa Led Zeppelin IV, mbale ya gulu la Led Zeppelin ya 1971 imene woimba gitala wawo Jimmy Page anaikonzanso mawu n'kuitulutsa mu 2014, kusiyana kunali kochepa pamene ng'oma za John Bonham zikugunda, chifukwa phokoso lake limakwirira zonse. Kunamveka bwino m'zigawo za gitala yosalumikiza ku magetsi.

Ndinenepo za magalamu 180 aja, poti ambiri timakopeka ndi kachikwangwani kake pa chikuto. Kulemera kumapangitsa mbale kumveka yolimba m'manja, basi. Timizere sitizama chifukwa cha kulemera. Mawu amakoma malinga ndi gwero limene anatengako nyimbo, luso la wodula timizere, ndi ukhondo wa kofakitale. Mbale yolemera imadanso ngati yopepuka.

Ntchito yeniyeni ili pa kuumitsa. Makina okhala ndi vakyumu amayamwa madzi okha, koma kuno mumapukuta ndi manja, motsatira timizere, n'kuimika mbale kuti iume bwinobwino. Ine ndimaimika pa choikapo mbale zodyera chimene ndinachipatulira ntchito imeneyi. Nsalu zimanyowa msanga, choncho khalani nazo zambiri, ndipo muzichape musanazigwiritse ntchito koyamba kuti zifewe. Ngati muli ndi mbale imodzi yokha yotsuka, kukonza zonsezi kungakutopetseni. Ine ndimadikira zifike khumi. Komanso dziwani kuti mbale yokalika ndi yokalika, madzi sangaichize.

Mbale ikauma, musaibwezere m'kathumba kakale ka pepala, mungabwerere pomwe munayambira. Ndinagula timatumba tamkati tosagwira static, ndipo mbale iliyonse yotsukidwa imalowa m'katsopano, n'kuimikidwa chilili pashelefu, kutali ndi dzuwa ndi kutentha kuti isapindike. Ndikamaimba ndimangodutsitsa bulashi ya carbon fibre, ya timaubweya tofewa tochotsa fumbi, kamodzi, n'kupukuta singano kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo.

Mwezi uno pali mbale zisanu ndi ziwiri zimene zikudikira pa mzere, zitatu mwa izo zidakali m'pulasitiki. Sindiziimba mpaka zitadutsa m'kabeseni kaja.