Patatha miyezi 9: mmene QCM yonyamula m'manja yagwirira ntchito poyeza seramu

QCM (quartz crystal microbalance) ndi kachipangizo koyeza kulemera kwa tinthu tochepetsetsa, monga mapuloteni a mu seramu (madzi a m'magazi otsala magazi akaundana). Kathuka n'kokwana m'manja ndipo kamalumikizidwa ku laputopu ndi chingwe cha USB. M'kati mwake muli kambale ka quartz ka 10 MHz kokutidwa golide mbali zonse ziwiri. Magetsi akalowa, kambaleko kamanjenjemera ka 10 miliyoni pa sekondi, ndipo chinthu chikamatirira pagolidepo, liwirolo limatsika. Potsata masamu a Sauerbrey a mu 1959, kutsika kwa 1 Hz (kunjenjemera kamodzi pa sekondi) ndi kulemera kwa pafupifupi 4.4 ng (nanogalamu) pa cm² iliyonse.

Mbali ya magetsi sinavutepo m'miyezi yonseyi. Chotidyera nthawi chakhala kutentha. Kambale kakakhudza madzi, frequency (liwiro la kunjenjemera lija) imagwa ndi pafupifupi 2,000 Hz chifukwa cha kulemera ndi kunanda kwa madziwo. Madzi akatentha ndi digiri imodzi yokha, kunanda kwake kumachepa ndi 2 peresenti, ndipo mzere wosonyeza frequency palaputopu umasuntha pafupifupi 20 Hz. Kusuntha kotereku n'kokwanira kubisa puloteni yochepa imene mukuifuna. M'chipinda chopanda makina oziziritsira, makamaka mu Okutobala, mzere umangokwera m'mawa wonse. Chothandiza n'kuika kachipangizo, mapaipi ndi PBS (madzi amchere amene timayendetsa pakambale) m'bokosi limodzi losalowa kutentha, n'kudikira ola lathunthu musanathire chilichonse. PBS yongochoka mufiriji isalowe: imasokoneza mzere, komanso ikamafunda imatulutsa tithovu. Kathovu kamodzi kakakhala pagolide, frequency imalumphira m'mwamba mwadzidzidzi, ndipo kuyezako kwathera pomwepo.

Kakonzedwe ka golide kamene katikhalira bwino ndi aka. Kambale kagone usiku wonse mu 11-MUA (mankhwala omatirira pagolide) ya 1 mM yosungunulidwa mu ethanol. M'mawa sakanizani EDC ya 0.4 M ndi NHS ya 0.1 M mofanana (awa ndi mankhwala othandiza antibody kumatirira pa 11-MUA), ziyende pakambale mphindi 10, kenako antibody (puloteni yogwira chimene mukufunacho) mu acetate ya pH 5, n'kutseka malo otsala ndi ethanolamine ya 1 M, pH 8.5. EDC imafa msanga ikakumana ndi madzi kapena chinyontho. Botolo lotsegulidwa kawirikawiri limaoneka labwinobwino koma siligwiranso, choncho gawani m'timachubu n'kusunga pa -20 °C.

Glycine ya 10 mM, pH 2.5, imachotsa chimene chagwidwa kuti muyezenso, koma ulendo uliwonse antibody imafooka pang'ono. Kutsuka kotheratu ndi madzi, ammonia ndi hydrogen peroxide pa mlingo wa 5:1:1 pa 75 °C kwa mphindi 5 kumayeretsadi, kungoti pakapita nthawi golide amayamba kusupuka m'mphepete. Timbale sitikhalitsa ayi, ndipo ndalama zambiri zimathera kumeneko.

Kamphete ka mphira kotsekera madzi nako kamafuna dzanja lofatsa. Mukamanga kwambiri, kambale kamapanikizika n'kumasuntha mzere, mwinanso kusweka. Mukalekerera, madzi amchere amadontha n'kudya timawaya ta pansi.

Pa seramu ndi pamene malire ake amaonekera. Yosasungunula imamata paliponse, ndiye timaisungunula 1:10 mu PBS, pampu ikuyenda 50 µL pa mphindi, ndipo timawerenga nambala pokhapokha PBS yoyera itabwereranso. Popanda kambale kachiwiri kokhala ndi antibody yosagwirizana ndi chimene mukufuna, simungasiyanitse kugwira kwenikweni ndi litsiro la seramu, ndipo zotsatira zotere zisagwiritsidwe ntchito pa wodwala aliyense. Ofuna kuyeza mabakiteriya adziwenso kuti pa 10 MHz kunjenjemera kumalowa m'madzi pafupifupi 180 nm basi, pamene bakiteriya mmodzi amafika 1,000 nm kapena kuposa. Kambale kamangomva kunsi kwake, ndipo masamu a Sauerbrey sakupatsani kulemera koona.